Timinga ta mu ubongo ndi dzanja lamanja la bambo anga

Kwathu kuno mbewa timaidziwa ili pampani m'mbali mwa msewu, yowamba bwino, ikungodikira kamchere ndi tsabola. Kumayiko a anzathu mbewa inalembedwa ntchito ina. Mu 2009, pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi mayi wina dzina lake Yi Zuo linkaika mbewa m'kabokosi koonekera mkati, kokhala ndi kampata kopyapyala kutsogolo. Kunja kwa kampatako ankaikako kanjere kamodzi kokha ka mtundu wa mawere. Pakamwa sipakanafika, ndiye mbewa yanjalayo inkayenera kutulutsa kadzanja kake kakutsogolo, kugwira kanjereko n'kukabweretsa kukamwa osakagwetsa panjira. Tsiku loyamba inkaphonya kwambiri. Pakapita masiku angapo inkafika poti ikatambasula kadzanja, kanjere kabwera.

Chomwe chinatchukitsa kafukufukuyu n'choti asayansiwo ankatha kusuzumira mu ubongo wa mbewa yomweyo ili moyo, isanayambe phunziro komanso itangomaliza. Anapeza kuti m'kati mwa ola limodzi lokha, pa maselo a mbali ya ubongo yomwe imayendetsa kadzanja kaja pamera tinthu tatsopano tooneka ngati timinga, tomwe dzulo lake panalibe.

Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale, ndipo nkhani ngati zimenezi ndimaziwerenga pafoni bandulo ikalola. Koma ya mbewa iyi ndinaibwereza kambirimbiri m'miyezi yomwe bambo anga ankaphunziranso kugwiritsa ntchito dzanja lawo lamanja.

Bambo anga ndi kalipentala. Dzanja limenelo ndi lomwe linatilipirira sukulu ana anayi tonse, linakhoma mabenchi a kutchalitchi kwathu, zitseko, ndi mabokosi a maliro osawerengeka. Mu June chaka chatha, m'mawa kukuzizira, anadzuka pakamwa patapotoka, mawu akutuluka mosamveka, mkono ndi mwendo wakumanja zitalemera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha BP yomwe inakhala ikukwera mwakachetechete. Mtsempha wina wa magazi kumanzere kwa ubongo unali utatsekeka. Pajatu mbali yakumanzere ya ubongo ndi yomwe imayendetsa mbali yakumanja ya thupi. Mwendo unabwerera msanga, moti patatha milungu isanu ankafika okha kuseri ndi ndodo. Dzanja ndi lomwe linakanirira. Linkangokhala pabondo, zala zitapindika, ngati mwini wake ndi wina.

Mayi wa mafizo kuchipatalako, wamng'ono ndithu kwa ine, ataona kuti chala chachikulu ndi chamkombaphala zayamba kugwedera pang'ono, anatipatsa ntchito yakunyumba: nyemba 20 m'mbale, kapu pambali.

"Bambo, muzitola imodziimodzi ndi dzanja lodwalali n'kumaponya m'kapumu. Zikatha muziyambiranso. Linali lisathandizire ayi."

Tsiku loyamba, pa theka la ola, m'kapu munalowa nyemba zitatu. Zina zinagubudukira pansi pa mpando. Bambo anachita thukuta ngati akhala akucheka mbawa tsiku lonse, kenako anakankha mbale n'kuyang'ana kukhoma. Azakhali, omwe anali atabwera kuchokera kumudzi kudzadwazika, anandikokera kukhitchini.

"Kodi iwe, ukamawaona atate ako akutola nyemba ngati mwana wa ku nasale, mtima sukupweteka?"

"Ukupweteka ndithu, azakhali. Koma a kuchipatala anati azichita tsiku lililonse."

"A kuchipatala si abale ako. Alongo angawa adwala. Munthu wodwala timamudyetsa, timamusambitsa, apume. Osati kumuchititsa manyazi pamaso pa adzukulu."

Musawaone molakwika azakhali angawa. Anasiya dimba lawo likufuna madzi, anagona pamkeka m'chipatala masiku 11, ndipo ndi iwo ankachapa zomwe ena tonse tinkazemba kuchapa. Kwa iwo kukonda wodwala ndi kumulandira ntchito iliyonse m'manja. Ambirife tinaleredwa choncho. Vuto linali loti, pa nkhani ya dzanja, chisamaliro chotere chimatha kulanda wodwala chinthu chomwe akuchifuna kwambiri. Kuti ndifotokoze chifukwa chake ndiyenera kubwerera ku timinga tija.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumiza mauthenga pafupifupi mabiliyoni 86. Selo lililonse limaoneka ngati mtengo wa nthambi zambiri, wokhala ndi chingwe chimodzi chachitali chopita kwa anzake. Pomwe chingwe cha selo lina chakumana ndi nthambi ya linzake pamakhala kampata kakang'ono zedi, ndipo uthenga umawoloka pamenepo kudzera m'timadzi tomwe selo loyambalo limatulutsa. Malo okumanirana amenewa Charles Sherrington wa ku England anawatcha synapse mu 1897. Pa maselo ambiri, mbali yolandira uthengayo imakhala pansonga pa kamunga komera panthambi. Kamunga kamodzi kutalika kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi lanu limodzi ndi chipika poyerekeza nako.

Woyamba kutiona anali Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, mu 1888, akuyang'ana ubongo wa mbalame womwe anaudetsa ndi mankhwala a siliva. Anzake ambiri ankati timinga timeneto ndi zinyalala za mankhwalawo basi. Iye anaumirira kuti ndi tenitenidi, ndipo ankaganiza kuti munthu akamaphunzira, maselo amawonjezera malo olumikizirana. Koma Cajal ankaona ubongo wakufa, wodulidwa timagawo. Zili ngati kukupatsani chithunzi chimodzi cha pa depoti n'kukufunsani kuti wangofika kumene ndani ndipo akunyamuka ndani. Mu 1949 Donald Hebb wa ku Canada analemba kuti selo likamathandiza kudzutsa linzake mobwerezabwereza, mgwirizano wawo umalimba. Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anafalitsa zomwe anapeza ku Oslo, atayeza ndi timawaya mu ubongo wa akalulu, kuti njira ya mauthenga ikagwiritsidwa ntchito mwamphamvu kwa kanthawi imakhalabe yamphamvu kwa maola ambiri. Kumeneko kunali kumva phokoso kuseri kwa khoma. Kuona ndi maso kunali kusanafike.

Thandizo linachokera kunyanja, eti. Osamu Shimomura, wasayansi wa ku Japan yemwe ali mnyamata anapulumuka bomba la ku Nagasaki, ankapita ku Friday Harbor, kugombe lakumadzulo kwa America, kukawola tinyama tam'nyanja tofewa ngati phala totchedwa jellyfish. Iye ankafuna kudziwa chomwe chimatiwalitsa. Mu 1962 anafotokoza za puloteni ina yomwe imawala mobiriwira ikawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu, yomwe lero imadziwika ndi zilembo zoti GFP. Kwa zaka pafupifupi 30 palibe ankaiona ngati chida. Kenako mu 1994 Martin Chalfie anaika malangizo a chibadwa opangira puloteniyo m'kanyongolotsi, ndipo maselo a kanyongolotsiko anayamba kuwala kali moyo. Roger Tsien anaikonza kuti iziwala kwambiri komanso m'mitundu ina. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2008.

Pofika mu 2000, Guoping Feng ndi Joshua Sanes anali atabereketsa mbewa zomwe maselo ochepa okha a mu ubongo mwake ndi omwe amawala. Kuchepako ndiye nzeru yake. Maselo onse akanawala, mukanangoona chimtambo chobiriwira. Koma zikakhala ngati usiku magetsi atazima, pomwe nyumba za sola zokha ndi zomwe zikuoneka, mukhoza kusankha nyumba imodzi n'kumaibwerera usiku uliwonse.

Chinatsala ndi makina. Maikulosikopu wamba saona patali mkati mwa nyama, chifukwa kuwala kumamwazika, komanso kukachuluka kumawononga maselo. Mu 1990, pa yunivesite ya Cornell, Winfried Denk, James Strickler ndi Watt Webb anapanga maikulosikopu yotchedwa two-photon, pogwiritsa ntchito masamu omwe Maria Göppert-Mayer analemba kale mu 1931. Makinawa amaponya kuwala kwa laser kofiira kopitirira pomwe maso athu amaona, komwe kumalowa mozama popanda kupweteka kwambiri. Kagawo kamodzi ka kuwala kotereku kalibe mphamvu yoyatsa puloteni ija. Pamafunika tiwiri tifike pamodzi nthawi yomweyo, ndipo zimenezi zimachitika pa kadontho kamodzi kokha pomwe galasi lalunjikitsa kuwalako. Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti aganize za thumba la chimanga lomwe munthu mmodzi sangalinyamule, koma awiri akaligwira limodzi limadzuka. Kadonthoko amakayendetsa mzere ndi mzere, kompyuta n'kumalumikiza chithunzi. Mbewa amaigoneka ndi mankhwala, n'kupala chigaza chake mpaka chipyapyale moti kuwala kudutse, kapena kuchotsa kachidutswa ka fupa n'kumatapo kagalasi ngati windo. Ikadzuka imapitiriza moyo wake. Mawa kapena mwezi wamawa amaibweretsanso, n'kupeza nthambi yomweyo potsata mitsempha ya magazi ngati mapu.

Mu December 2002 magulu awiri anatulutsa zotsatira zawo m'magazini imodzi ya Nature, ndipo sanagwirizane. Gulu la Wen-Biao Gan ku New York, lomwe linkapala chigaza, linati mwa mbewa zazikulu timinga 96 pa 100 tionse timakhala pomwepo pakatha mwezi. Gulu la Karel Svoboda ku Cold Spring Harbor, lomwe linkaika kagalasi komanso linkayang'ana dera lina la ubongo, linati ndi pafupifupi theka lokha lomwe limakhalitsa choncho. Anatsutsana zaka zingapo, ena akuti opaleshoni ya windoyo payokha imasokoneza maselo. Ine mkanganowu umandisangalatsa chifukwa mbali zonse zinavomereza mfundo ziwiri: ubongo wa wamkulu umasintha ndithu, koma wa mwana umasintha kwambiri kuposa pamenepo. Makolo aja ponena kuti kuwongola mtengo n'poyamba sananame. Kungoti mtengo wakale nawonso umaphuka.

Apa ndi pomwe ndimakwiya ndi timavidiyo ta pa TikTok tolonjeza kuti ubongo wanu mukhoza kuusintha wonse m'masiku 21. Amene anaona timinga ndi maso awo sanena choncho.

Onani zomwe zinachitika kwa mbewa za Yi Zuo patatha ola loyamba lija. Timinga tatsopano timamera nthawi zonse, ngakhale mwa mbewa yongokhala, koma tambiri timafota m'masiku ochepa. Mwa mbewa zomwe zinapitiriza kutola njere tsiku ndi tsiku, timinga tomwe tinamera pophunzira tinkakhalitsa kuposa tinzake. Nthawi yomweyo tina takale tinkachotsedwa, moti patapita milungu chiwerengero chonse chinabwerera pafupi ndi pomwe chinali. Ubongo sunanenepe, unangosintha mawaya. Mbewa zomwe zinkagwira njere kambiri pa tsiku loyamba ndi zomwenso zinameretsa timinga tambiri. Ndipo patatha miyezi, mbewa zomwezo zitakula, atazipatsanso ntchito ya njere zinkaikumbukira, popanda kumeretsa timinga tambiri tatsopano. Koma atazipatsa ntchito yachilendo, yogwira ndi kudya kachidutswa ka pasta kowonda, timinga tinayambanso kumera.

Ndikawerenga zimenezi ndinkaona zaka 40 za sowo ndi nyundo zitalembedwa m'mutu mwa bambo anga pa timinga tosaoneka, ndipo sitiroko itafufuta mbali ina ya tsambalo. Maselo omwe anafa chifukwa chosowa magazi sabwerera. Chiyembekezo chili pa oyandikana nawo. Mu 2007 Craig Brown ndi Tim Murphy ku Vancouver anayang'ana ndi makina omwewa mu ubongo wa mbewa zomwe anazichititsa sitiroko yaing'ono. M'mphepete mwa bala, timinga tatsopano tinkamera mowirikiza kangapo kuposa nthawi zonse, makamaka mlungu woyamba ndi wachiwiri, ndipo zinkaonekabe patatha milungu 6. Mwa anthu, madokotala anaona kalekale kuti kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira, ngakhale kuti kumapitirira pang'onopang'ono pambuyo pake. Ndiye nthawi yomwe ubongo uli wokonzeka kwambiri kumanga njira zatsopano ndi nthawi yomweyo yomwe achibale tadzaza m'nyumba, aliyense akuthamangira kumugwirira kapu wodwalayo.

Edward Taub wa ku America anaona pa anyani kuti nyama ikayesa kugwiritsa ntchito mkono wolumala n'kulephera kangapo, imausiyiratu, ngakhale pamene mkonowo ukanatha kugwira ntchito. Imaphunzira kusaugwiritsa ntchito. Kuchokera pamenepo kunabadwa chithandizo chomwe amaveka dzanja labwino chigolovesi kuti lodwalalo likakamizike kugwira ntchito. Mu 2006 zotsatira za kafukufuku wa odwala 222 ku America zinaonetsa kuti omwe anachita zimenezi kwa milungu iwiri, akuchita mafizo mpaka maola 6 patsiku, manja awo ankagwira bwino ntchito kuposa a anzawo ngakhale patatha chaka. Chonde musathamangire kukamanga dzanja la agogo ndi chitenje. Odwala amenewo anasankhidwa chifukwa zala ndi mkono wawo zinali zitayamba kale kuyenda pang'ono, ndipo ankayang'aniridwa ndi akatswiri. Kwathu sitinamange chilichonse. Tinangogwirizana ndi amayi kuti pa nthawi ya nyemba wina asathandize, basi.

Azakhali sindinawafotokozere za jellyfish. Ndinawauza kuti njira ya kudambo ikasiya kupondedwa imamera udzu, ndipo anandiyankha kuti njira samaipondanso usiku ndi usana. Pamenepo anali ndi mfundo, ndipo sayansi ili kumbali yawo. Mu 2014 Guang Yang ndi Wen-Biao Gan uja anaphunzitsa mbewa kuthamanga pa kandodo kozungulira komwe liwiro lake limanka likwera. Zina anazisiya zigone, zina anazikaniza tulo kwa maola angapo. Zomwe zinagona zinameretsa timinga tambiri kuposa zinzake. Anaonanso kuti maselo omwe ankagwira ntchito pothamanga ankayakanso mbewa ili m'tulo tofa nato, ngati ikubwereza phunziro. Chinanso chodabwitsa n'choti kuthamanga cham'tsogolo kunkameretsa timinga pa nthambi zina za selo, pomwe kuthamanga cham'mbuyo kunkameretsa pa nthambi zinanso za selo lomwelo. Inu amene mumawerenga usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira mayeso akayandikira, nkhaniyi ikukukhudzani. Ana anga ndimawauza chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse amandiyang'ana ngati ndikufuna alephere.

Ndiye tinagawana ntchito. Ine ndi amayi tinatenga za nyemba, m'mawa ndi madzulo. Azakhali anatenga za tulo, ndipo anaigwira ntchitoyo mwaukali. Alendo obwera kudzazonda masana ankabwezedwa pakhonde. Wailesi inkazimitsidwa 8 koloko. Ngakhale a kwaya ya kutchalitchi anauzidwa kuti nyimbo ziwiri zakwana.

Mwina wina angafunse ngati timinga timeneti ndi tomwe timasungadi luso, kapena timangomera pambali ngati bowa nthawi ya mvula. Funso limeneli linayankhidwa mochititsa nthumanzi mu 2015 ku yunivesite ya Tokyo, ndi Akiko Hayashi-Takagi pamodzi ndi Haruo Kasai. Iwo anapanga puloteni yomwe imakadziunjika m'timinga tokhato tomwe tangomera kumene kapena tangokula kumene, ndipo ikawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu imafotetsa kamungako. Anaphunzitsa mbewa kuthamanga pa kandodo kaja mpaka zitazolowera, kenako anawalitsa. Luso lija linachoka, mbewa n'kumagwa ngati zoyamba kumene. Koma pomwe anafotetsa timinga tomwe tinamera pophunzira ntchito ina, yoyenda pa kamtanda kopyapyala, luso la pa kandodo silinakhudzidwe. Tsiku lomwe ndinawerenga zimenezi ndinaika foni pansi kaye. Chinthu chomwe timachitcha kuzolowera, chomwe mmisiri amati chili m'manja, chili ndi malo ake enieni, ndipo munthu akhoza kuchiloza n'kuchizimitsa ndi tochi.

Zonsezi ndi za mbewa, ndipo tiyenera kuzinena choncho. Palibe amaika windo pa chigaza cha munthu kuti awerenge timinga, ndipo makina a two-photon nthawi zambiri saona kupitirira milimita imodzi kulowa mkati. Sikani yomwe bambo anajambulidwa imaonetsa bala, osati synapse. Komanso pali odwala ena omwe bala lawo ndi lalikulu moti ngakhale atatola nyemba thumba lonse dzanja silibwerera, ndipo si chifukwa cha ulesi. Amene mukudwazika munthu wotere musamunyoze kuti sakulimbikira.

Kwa ife, chomwe tinkatha kuwerenga ndi nyemba. Zitatu pa theka la ola zinakhala 8 pakutha pa mwezi. Kenako panadutsa milungu itatu popanda kusintha kulikonse, bambo osalankhula ndi munthu, mpaka amayi anabisa mbale kwa masiku awiri kuti mtima utsike. Mu October anamaliza zonse 20 koyamba. Pa Khirisimasi anatema mbamu ya nsima ndi dzanja lamanja, yaing'ono ngati ya mwana, n'kuipisa mu msuzi. Kwa miyezi 6 anali akudya ndi lamanzere, chinthu chomwe chinkawapweteka kuposa ndodo, moti alendo akabwera ankati sakumva njala. Azakhali anali atabwerera kumudzi nthawi imeneyo, koma Lamlungu lililonse amaflasha, ndikawaimbira funso loyamba limakhala lakuti, "Nanga alongo angawo agona bwanji? Nyemba zija zikutha?"

Sowo sanayambe kugwira, ndipo mayi wa mafizo sanatilonjeze kuti adzagwira. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zidakali zopindika. Amakhala pashedi ndi mnyamata yemwe anamuphunzitsa ntchito, akusalaza matabwa ndi sanipepa n'kumamukalipira akalemba mzere wokhota. Mwezi wathawu anakana nyemba, akuti atopa nazo, n'kutuma mdzukulu kukatenga chitini cha misomali ya mainchi awiri. A mafizo anavomera, bola nsonga zake tizifufuze kaye pamwala. Loweruka lapitali misomali 20 inalowa m'kapu pa mphindi 7, umodzi wokha ndi womwe unagwa pansi.